Ulemu Unapha Kapitawo

Sabata ino ndachiza nsomba. Sekani ndithu, inenso ndinayamba ndi kuseka.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yotsuka zilonda pa kachipatala kathu kuno ku Phalombe. Udokotala ndilibe, koma poti ndimavala choyera aliyense amanditcha adokotala, ndipo ine sinditsutsa. Ndazula matekenya osawerengeka, ndazula minga, tsiku lina ndinazula mbedza pakhutu la munthu wamkulu wa ndevu zake. Koma wodwala wa mamba ndinali ndisanamugwirepo mpaka Lachiwiri lapitali.

Nkhani yake ndi ya a Namakhwa, aja ali ndi kahotela ka tiyi pafupi ndi msika. Bambowa anakhala zaka zambiri ku Beira akugwira ukhukhi kwa Mpwitikizi wina amene ankaweta nsomba m'nyumba, m'thanki lagalasi. Osati zodya ayi, zongoyang'ana. Zinali za m'nyanja yamchere ija, zina zachikasu, zina zamizeremizere, ndipo wozidyetsa, wozisinthira madzi ndi wozichiza anali a Namakhwa. Bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira thankilo. Anzawo pochoka ku Beira amabwera ndi njinga kapena makina osokera, iwo anabwera ndi galasi. Analikulunga m'bulangete lawo lokhalo n'kulifukata pamiyendo m'sitima mpaka pa Luchenza, eni ake akunjenjemera ndi mphepo.

Nsomba za ku Beira sizingafike kuno zamoyo, choncho anaikamo makumba a ku Chilwa. Amati poti madzi a ku Chilwa nawonso ali ndi kamchere, ndi Beira yomweyo, kwangosowa sitima zapamadzi.

Ife tadya nsomba chibadwire. Timaidziwa ili mumtanga, ili pathandala, ili m'mbale. Koma ndani wa ife anaionapo cham'mbali, yamoyo, ikuyasamula n'kumakuyang'ana m'maso ngati ikukudziwa? Anthu amachokera ku Nkhulambe wapansi kudzaona zimenezi. Mayi wina atafika pagalasipo anawomba m'manja n'kuzipatsa moni. Ndipo munthu sungayang'ane nsomba za mwini wake chimanjamanja, umaitanitsa tiyi.

Ndinene zoona, pakuti a Namakhwa ndi mnzanga: tiyi wawo ndi wamadzimadzi. Tsidya la msewu pali hotela ina ya tiyi wokoma, ya galamafoni. Chimene chimakokera anthu kwa a Namakhwa ndi galasi lija basi. Nsomba zija zitatha, iwonso atha.

Zonse zili ndi mayina. Kuli Mesenjala, amene sakhala malo amodzi. Kuli Abiti, wamanyazi, wobisala kuseri kwa mwala. Ndiye panali Kapitawo, wamkulu pa onse, amene ntchito yake inali kuthamangitsa anzake n'kudya yekha.

Lachiwiri lija ndikumanga bala la mwana wina, anafika akazi awo a Namakhwa, amene timawatcha mayi a Esinati.

"Adokotala, akuti mubwere ndi kagalasi kanu kokuza zinthu kaja. Kapitawo sakudya."

"Kapitawo wa esiteti iti, mayi?"

"Iyayi, wa m'madzi."

Nditaweruka ndinapita. Ndinapeza a Namakhwa atagwada pamaso pa galasi ngati munthu wa m'tchalitchi, ndipo pabenchi panali a Saidi, telala wa pakhonde loyandikana nalo, amene amamwa kapu imodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

"Nsomba sinena pamene pakupweteka, adokotala," anatero a Namakhwa osatembenuka. "Odwala anu amakuuzani okha, awa uyenera kuwawerenga. Taonani Mesenjala uyo."

Ndinayang'ana. Mesenjala ankathamanga n'kukadzikhula pamwala, kubwerera, kukadzikhulanso, ngati mbuzi yamphere pachipupa. Abiti anali atapinda zipsepse zonse. Kapitawo anali pamwamba penipeni, kukamwa kuli yasa, akupuma mofulumira ngati wakwera phiri la Michesi.

"Ikamadzikhula, pali chimene chikuiluma pakhungu. Ikamapuma chonchi, chalowa m'makha, mopumira muja. Tsopano bweretsani kagalasi."

Anamuvuula Kapitawo ndi kansalu konyowa n'kumugoneka pathebulo. Ndinaika kagalasi kanga n'kuyang'ana. Pansi pa zipsepse ndi chakumchira panali tiulusi toyera tikulendewera, kalikonse mutu wake utazikika m'mnofu, pozungulira pake patafiira. Ndinawerenga mpaka khumi ndi kamodzi n'kuleka. Ndi matekenya a m'madzi, ndinatero mumtima, ndipo pamenepo ndinamva kuti ndafika pantchito yanga.

A Namakhwa anayamba kutiphunzitsa za ku Beira. Akuti nsomba ya m'nyanja yamchere ikagwidwa ndi tizilombo, umaiviika kanthawi m'madzi a pachitsime, opanda mchere. Nsomba imapirira, koma tizilombo timatupa n'kufa. Ya mumtsinje ndiye umachita motembenuza, umaiviika m'madzi amchere. Mankhwala ake ndi kumupatsa kachilombo madzi amene sanawazolowere.

"Patarawu wanga, Mpwitikizi uja, ankaponyamonso kobiri m'thankimo, akuti mkuwa umapha tizilombo. Kuno sindingayese. Lingavuulidwe dzuwa lisanalowe."

A Saidi anaika kapu pansi. "Nanga za ku Chilwazi, zoti sizili kumchere sizili kumtsinje, muziviika mu chiyani? Mu tiyi wanuyu? Poti nayenso sali uku sali uko."

"Mumchere. Wa ku Chilwa ndi wochepa, tiwonjezera."

"Mchere pansomba? Ndiye dikirani ndikatenge matimati ndi anyezi."

Ntchito inayenda chonchi. A Namakhwa agwira nsomba m'kansalu konyowa, ine ndizula tiulusi ndi kambaniro kanga kozulira minga, pang'onopang'ono kuti mutu usadukire m'kati, kenako ndidontheza pabalapo mankhwala ofiirira aja timatsukira zilonda, osungunula kwambiri. Ikatero ilowa m'beseni la madzi amchere. Wotchi a Namakhwa alibe. Nthawi yoviika amayeza ndi pemphero la Atate Wathu, kawiri, mosathamanga. Akafika pa ameni wachiwiri, nsomba ituluke. A Saidi, amene ndi Msilamu, anati ndi koyamba kuona nsomba ikubatizidwa.

Titatha zonse, thanki litatsukidwa ndi miyala yake yomwe, ndinafunsa funso limene ndimafunsa mayi aliyense wobwera ndi mwana wamphere: zayambira kuti?

A Namakhwa anayamba kupukuta thebulo louma kale. Anayankha ndi akazi awo, ali pakhomo la kukhitchini.

"Afunseni za asewere awo."

Nayi nkhani yake. Mwana wawo Esinati akufunsiridwa ndi mnyamata wa kwa Chiwalo. Bambo wa mnyamatayo, a Likhutcha, ndi msodzi wa ku Chilwa. Masabata awiri apitawo bamboyu anabwera kudzaona kumene mwana wake akukalowa, ndipo atamva kuti asewere ake amakonda nsomba zamoyo, anawatengera makumba atatu mumtsuko. Anaumangirira panjinga, ndipo pa mtsinje uliwonse ankatsika n'kusintha madzi kuti zisafe. Amene anapalasapo njinga kuchokera kwa Chiwalo akudziwa kuti imeneyo si mphatso yamasewera.

"Ndiye simunadziwe kuti zikudwala," ndinatero kwa a Namakhwa, pofuna kuwapepuza.

"Ndinaona, adokotala. Ndi maso angawa. Kaulusi kamodzi pansi pa chipsepse."

"Munaona?"

"Lamulo loyamba la patarawu linali lomwelo. Nsomba yachilendo igone payokha masabata atatu, uone ngati yabwera ndi kanthu. Ine ndinalisunga lamulo limenelo zaka zonse za ku Beira, osaphonya."

"Nanga munaziikiranji?"

Anaponya kansalu pathebulo. "Munthu wapalasa njinga mtunda wonsewo, malaya ali chonyowa ndi thukuta, waima apo chipewa chili m'manja, akumwetulira, anthu adzaza m'hotela muno akuyang'ana. Ndiye ine nditi, pepani asewere, nsomba zanuzi zikagone kukhitchini m'beseni lotsukira makapu? Inuyo mukanatero?"

Ndikukufunsani inu owerenga: mukanatero?

Ife a zovala zoyera timakonda kunena kuti anthu akumudzi akuvutika chifukwa cha umbuli. Tiwaphunzitse, timatero, akadziwa asintha. Koma apa panalibe mbuli. M'dera lonse lino, kuyambira kuphiri mpaka kunyanja, palibe munthu wodziwa matenda a nsomba kuposa a Namakhwa. Anadziwa, anaona, n'kuthira m'galasi ndi manja awo, akumwetulira.

Ndipo si iwo okha. Malume akupatsa mbuzi, iwe ukuiona kuti m'khosi mwayamba kusosoka. Umaimangirira payokha? Ayi, umaitsekera m'khola limodzi ndi zako, malume akuona, kuti adziwe kuti wayamika. Mwezi ukatha khola lonse likudzikhula pamitengo. Azakhali akutumizira dengu la chimanga, anankafumbwe akuyenda pamwamba masana dzuwa likuswa mtengo, iwe n'kukhuthulira m'nkhokwe chifukwa wobweretsayo sanachoke. Mlendo wafika ndi mphasa yake yoti nsikidzi zikuchita kusuzumira, timati ayale pomwe pagona ana, poti kumuyalira kwina n'kumusala.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza kulandira alendo. Chaka cha njala chija tonse tinapulumukira pamakomo a eni, ndipo amene anatsekera anzake chitseko mpaka lero timamuloza ndi chala. Mlendo ndi mame, timatero, sachedwa kukamuka. Zoona. Koma mame akakamuka, zimene anabwera nazo zimatsala.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mawu oti khalani apa kaye ife timawamva ngati chokani. Ndani anatiuza kuti ndi amodzi? Mayi akachira, timamusunga m'chikuta ndi khanda lake masiku angapo, osalola aliyense kulowa, ndipo palibe amene amati tamusala. Timati tikumusamala. Nanga n'chifukwa chiyani beseni la nsomba likhala chipongwe?

Lachinayi m'mawa Kapitawo anapezeka atayandama chagada. Tinachedwa naye, tizilombo tinali titamudya kale m'makha. Palibe amene anatchula za matimati. A Namakhwa anamukwirira kuseri kwa hotela patsinde pa mpapaya, ndipo a Saidi anaimitsa makina awo mpaka dothi litatsekedwa. Ndikuuzeni, zinandikhudza. Nsomba yake inali yankhanza, yodya yokha, koma ndinali nditaizolowera nkhope.

Zotsalazo zinayamba kuchira. Mesenjala analeka kudzikhula, Abiti anatambasula zipsepse. Koma zitatu za a Likhutcha zinali ndi mabala ambiri, ndipo tsopano zinali kumene zikanayambira, m'beseni kukhitchini.

Vuto linali Loweruka. Tsiku limenelo a Likhutcha ankabwera ndi ankhoswe kudzamaliza za ukwati wa Esinati.

Lachisanu a Namakhwa anandipeza kuntchito. "Adokotala, bwanji ndizibwezere m'galasi tsiku limodzi lokha? Akangopita ndizichotsa."

"Mukatero musadzandiitanenso. Mpapaya uja uli ndi malo a onse."

"Nanga akafunsa ndidzati chiyani? Munthu akamva kuti mphatso yake ndaiika kotsukira makapu, adzati kwathu kuno timanyoza. Ankhoswe akanyamuka osamaliza, Esinati ndidzamuyang'ana bwanji?"

Apa ndiye panali pothina. Kubwezera nsomba m'galasi, hotela yatha. Kuzisiya m'beseni, ukwati wa mwana uli pachiswe. Ndinawauza kuti asankhe okha, koma Loweruka ndinapita kukamwa tiyi wamadzimadzi uja, pakuti nkhani yotere sindikanafuna kuimvera kwa a Saidi.

A Likhutcha ndi bambo wamfupi, wa manja okhakhala, wolankhula motsitsa. Atapatsidwa moni ndi mpando, ankhoswe asanayambe n'komwe, anadzuka n'kupita pagalasi. Msodzi amadziwa nsomba zake. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anasuzumira kuseri kwa mwala.

"Yodukaduka mchira ija sindikuiona," anatero.

A Namakhwa anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti bodza likubwera, mwina la mphaka.

Lisanafike, mayi a Esinati anatuluka kukhitchini atanyamula beseni. Analiika pansi pamaso pa mlendo, anagwada, n'kunena mosazungulira.

"Asewere, nsomba zanu ndi izi, zonse zitatu zili moyo. Zinabwera ndi tizilombo, tapatsira zinzake, ndipo yaikulu ija yafa Lachinayi. Tikuzichiza. Zikachira zilowa m'galasi. Abambowa amaopa kukuuzani."

Ankhoswe anayang'ana pansi. A Namakhwa anayang'ana kudenga. A Likhutcha ananjuta pabeseni paja nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa.

"Yaikulu ija yafa? Ogo! Ndaipha ndine."

"Iyayi asewere, inu simukanadziwa," anafulumira a Namakhwa.

"Ine kusadziwa? Ndabadwira m'bwato ine. Chaka chino madzi aphwera, nsomba zambiri zili ndi tiulusi timeneti. Ndinasankha zooneka bwino, koma posintha madzi panjira ndinaona kamodzi. Ndibwerere nawo mtsuko? Ndifike chimanjamanja kwa asewere? Ndinati palibe kanthu, awo ndi a ku Beira, aona okha, aziika padera. Ndiye pamene munakhuthulira m'galasi muja, mtima wanga unagwa. Koma mlendo angalangize mwini nyumba, anthu ali tcheru chonchija? Ndinangoti zikomo."

Anayang'anizana abambo awiriwo, wina ataima, wina atanjuta, beseni lili pakati.

A Saidi ndi amene anamasula anthu. "Ndiye kuti Kapitawo waphedwa ndi anthu awiri, onse aulemu."

Kuseka kunayamba ndi a Likhutcha, kenako ankhoswe, kenako tonse. Za ukwati zinatha bwino tsiku lomwelo, Esinati akwatiwa anthu akakolola. Potsanzika a Likhutcha analonjeza makumba ena, ndipo anati adzafikira nawo kukhitchini okha, beseni alipeza.

Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha panjira, ndikukonza m'mutu mmene ndidzawasekere a Namakhwa patsamba lino. Kuseka kunathera pakhomo panga.

Pakhonde panali patakhala mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, amene wabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni mwezi wathawu. Munthu wabwino zedi. Ana anga anawabweretsera nsapato, ine anandibweretsera chijasi chimene ndimanyada nacho m'mawa uliwonse. Anandipatsa moni, n'kutsokomola, n'kutembenukira kumbali kukalavula m'kansalu kamene amabisa m'thumba.

Chifuwa chimenecho ndakhala ndikuchimva kuyambira tsiku limene anafika. Ndaona mmene kolala ya malaya yamukulira. Ndaona kuti mbale yake imabwerera ndi chakudya. A Namakhwa amawerenga zipsepse, ine ndimawerenga zimenezi, ndi ntchito yanga. Akanakhala munthu wa kwina wobwera kuchipatala, ndikanamulembera kalata tsiku lomwelo yopita nayo kuchipatala chachikulu kuti akamuyeze chifuwa chachikulu, ndipo ndikanakalipira abale ake kuti amupatse kapu yakeyake ndi pogona pakepake.

Koma uyu ndi mlamu wanga. Amagona chipinda chimodzi ndi ana anga aamuna awiri. Amamwera chikho chimodzi ndi tonse. Mwezi wathunthu ine, wa chovala choyera, ndangoti zikomo chifukwa cha chijasi.

Loweruka lomwelo ndinatenga kapu yachitsulo yatsopano n'kumanga kaulusi kofiira pachogwirira. Ndinakolopa kachipinda kakumbuyo kamene timasungiramo makasu, kali ndi zenera loyang'ana kuphiri. Ndinapopa njinga. Zonse zakonzeka, chatsala ndi pakamwa. Katatu ndayamba, katatu ndathera pa nkhani ya mvula. Kulimba mtima kwa mayi a Esinati ine ndilibe.

Koma pali chimodzi chimene ndikudziwa. Nyuzipepala ino ndikabwera nayo kunyumba, woyamba kuitsegula ndi mlamu wangayo, ndipo amayambira tsamba lino, pakhonde, asanamwe tiyi.

Choncho, owerenga, ndikhululukireni, mizere yotsalayi si yanu.

Alamu, kapu ya kaulusi kofiira ili pazenera ndi yanu. Kachipinda kaja ndakonzera inu, ndipo Lolemba ndapempha tchuthi kuti tipite limodzi akakuyezeni, ndikupalasani ndine. Sitikukupirikitsani ayi. Za m'beseni nazonso ndi za m'nyumba, ndipo tikufuna mudzavine nafe pa ukwati wa Esinati. Ndachedwa mwezi wathunthu, pepani.

Kapena nanunso, ngati a Likhutcha, munaona kalekale panjira, mwangokhala chete kudikira kuti mwini nyumba ayambe?